PAKHONDE LA MPHUNZITSI: Kodi Ndigulitse Mbuzi Kuti Ndilipire Patitaimu ya Bayoloje?

 

Mwa makalata amene ndalandira chitulukireni magazini yapitayi ndasankhapo imodzi yochokera kwa mayi wina wa ku Chipoka m'boma la Salima. Dzina lawo ndalisunga monga anapempha. Mayiwa amachita geni ya usipa wouma ndipo amuna awo anamwalira zaka zitatu zapitazo. Alemba motere:

"Aphunzitsi, mwana wanga wamkazi ali Folomu 4 pa sukulu ina yoyendera ku Ntcheu, kumene akukhala ndi amalume ake, achimwene anga. Iye mtima wake uli pa unamwino. Koma lipoti la teremu yathayi laonetsa kuti Bayoloje wapeza 8. Wanditumizira uthenga kuti anzake akupita ku patitaimu madzulo ndipo iye yekha ndiye akutsalira. Ndalama imene akufuna pa mwezi ikuposa phindu limene ndimapeza pa sabata ziwiri. Ndili ndi mbuzi zitatu zimene anandisiyira malemu. Kodi ndigulitse? Ndikapanda kutero mwana adzati ndinamutsekera mwayi. Ndikagulitsa iye n'kulephera, ndiye kuti ndataya zonse ziwiri."

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Musanamange chingwe m'khosi mwa mbuzi takhalani pansi tikambirane, pakuti funso lanuli lili m'makomo ambiri kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Makanjira. Ine ndinagwira choko zaka zambiri ndikuphunzitsa Bayoloje yomweyo, ndipo zina mwa zakazo ndinali m'boma la Ntcheu. Sindibisa, nanenso ndinaphunzitsapo patitaimu n'kulandira ndalama. Choncho zimene ndinene pano ndi zimene ndinaona ndi maso angawa, zabwino ndi zoipa zomwe.

MMENE TINAFIKIRA PANO

M'chaka cha 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale. M'chaka chimodzi chokha ana olembetsa anachoka pa 2 miliyoni osakwana kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, koma makalasi, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Ana ambiri anayamba kuphunzirira pansi pa mitengo, ndipo kholo loona kuti mwana wake akumira m'chigulu linayamba kufunafuna womuthandiza payekha. Kafukufuku wa bungwe la SACMEQ, limene limayesa maphunziro m'maiko a kummwera ndi kuvuma kwa Africa, anapeza kuti mu 1995 ana a Sitandade 6 a ku Malawi olandira maphunziro oonjezera kunja kwa nthawi ya sukulu anali 22 pa 100 alionse, koma pofika 2000 anali pafupifupi 80. Ena mwa maphunzirowo anali aulere, ena olipira, komabe chiwerengerochi chikutionetsa kumene mphepo inalowera.

Mu 1998 boma linasandutsa malo ophunzirira a MCDE kukhala sekondale zoyendera zimene timazitcha ma CDSS. Sukulu zimenezi zathandiza ana osawerengeka amene akanangokhala pakhomo, koma zambiri zinayamba popanda labotale, popanda laibulale, ndiponso ndi aphunzitsi amene maphunziro awo anali ophunzitsira ku pulaimale. Tsono Bayoloje ndi phunziro la maso ndi manja. Pa mayeso a MSCE pali mapepala awiri, lina la mafunso olemba, lina la pulakitiko, pamene mwana amapatsidwa chinthu monga tsamba, mbewu kapena fupa kuti aone, ayeze ndi kujambula. Mwana amene sanagwirepo zinthu zotere m'kalasi amakumana nazo koyamba pa tsiku la mayeso, manja akunjenjemera.

Nkhaniyi si ya kwathu kokha ayi. Ku South Korea boma linaletsa maphunziro apadera olipira mu 1980, koma makolo anapitiriza mobisa mpaka khoti linathetsa lamulolo mu 2000. Ku China mu 2021 boma linaletsa makampani kuchita malonda ndi maphunziro oterewa. Paliponse pamene mayeso amodzi agamula tsogolo la mwana, kholo limatulutsa ndalama ngakhale ya ndiwo.

Ndipo kuno kwathu mayesowo amagamuladi. Magiredi a MSCE amayambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Wofuna malo ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi. Ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inakhazikitsidwa mu 2021 pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ku Malawi College of Health Sciences, ngakhalenso ku makoleji a unamwino a mishoni, Bayoloje ndi imodzi mwa maphunziro amene amayang'anitsitsa. Choncho 8 wa mwana wanu sangamufikitse kumene akufuna. Pamenepa mwana sakunama, thandizo akulifunadi. Chofunika kudziwa n'chakuti ndi thandizo lotani.

NDINAPITA KUKAMUONA

Mwezi wathawu ndinali ndi ulendo wa ku Balaka, ndipo mayiwa atandiloleza ndinakhotera ku Ntcheu kukamuona mtsikanayo. Amalume ake ndi mlimi wa mbatatesi ndi kabichi, monga alili ambiri a kumapiri kumeneko amene zokolola zawo mumaziona zitaunjikidwa pa Lizulu ndi pa mphambano ya ku Tsangano. Anandilandira bwino zedi. Mtsikana anagwada kupereka moni, kenaka anabwera ndi makope ake. Anali makope aukhondo, zilembo zokongola, mutu uliwonse wodulidwa mzere ndi cholembera chofiira.

Ndinati, "Mwanawe, osmosis n'chiyani?" Anayankha mosadodoma, liwu ndi liwu monga zalembedwera m'kope.

"Wakhoza. Nanga amayi ako akathira mchere pa nsomba yaiwisi, bwanji imatuluka madzi?"

Anayang'ana pansi. "Zimenezo sitinaphunzire, aphunzitsi."

Ndinapempha mbatatesi imodzi, mpeni, makapu awiri ndi mchere. Tinadula timizere tiwiri tofanana, kalikonse masentimita 5, tikuyeza ndi rula. Kamodzi tinakaika m'madzi akumwa, kena m'madzi a mchere wambiri. Tinadya nsima, n'kumacheza ndi amalume za kukwera mtengo kwa feteleza. Patapita maola awiri tinavuula. Ka m'madzi akumwa kanali gwa, katatalikirako pang'ono. Ka mumchere kanali lobodo, katafupika. Mtsikana anatigwira tonse tiwiri, kutitembenuza, kenaka anati, "Ndiye kuti madzi atuluka m'maselo kupita kumene kuli mchere wambiri? Ndiye nsomba ija n'chimodzimodzi?" Ndinati, "Wadziyankha wekha."

Kenaka ndinaona pepala lake la mayeso a teremu. Pa funso lina anamuuza kuti explain, ndiko kuti afotokoze chifukwa chake ndi mmene chinthu chimachitikira, iye anangotchula dzina la chinthucho n'kusiyira pomwepo. Malikisi anayi anapita. Pena anajambula duwa lokongola lopaka mithunzi ngati la pa nsalu, koma mizere yolozera maina inali yopingasana. Nditafunsa za tsiku lake ndinamva kuti amadzuka 4 koloko kukatunga madzi ndi kusesa, amayenda ola lathunthu kupita kusukulu, pobwera amakathirira kudimba, n'kudzaphika, ndipo kope amalitsegula 9 koloko usiku maso atalemera kale.

Ndinafunsanso zimene zimachitika ku patitaimu kumene anzake akupita. Akuti mumakhala ana oposa 40 m'chipinda chimodzi, mphunzitsi amalemba manotsi pabolodi, iwo n'kumakopera mpaka mdima. Mayi, mankhwala amenewa si a nthenda ya mwana wanu. Nthenda zake ndi zitatu: kuloweza osamvetsa, kusadziwa chimene funso la Chingerezi likufuna, ndi kusowa nthawi. Manotsi ali nawo kale makope atatu. Kumuonjezera ena ndi kuthira madzi mumtsuko wodzaza.

MUSANALIPIRE, FUNSANI IZI

Sindikunena kuti patitaimu yonse ndi yachabe. Mwana amene anadwala teremu yathunthu, wobwereza mayeso ali pakhomo, kapena wa pasukulu yopanda mphunzitsi wa sayansi, amapindula nayo kwambiri. Ndiponso mphunzitsi wogwira ntchito pa nthawi yake yopuma ayenera kulandira kangachepe, naye ali ndi ana ofuna kudya. Koma safunsa anadya phula. Kholo lifunse mafunso asanu.

Loyamba, kodi mumakhala ana angati? Phindu la maphunziro apadera ndi lakuti mphunzitsi amaona pamene mwana wanu akupunthwa. Ana akapitirira 10 zimenezi zimayamba kuvuta, ndipo akafika 40 mukulipira kalasi yomwe ija kachiwiri.

Lachiwiri, kodi akugwira ntchito ndani? Pakatha sabata ziwiri tsegulani kope la mwana. Ngakhale simudziwa Chingerezi, inki yofiira mumaidziwa. Mukaona mayankho olemba mwana yekha, mphunzitsi atachonga ndi kukonza, ndalama yanu ikugwira ntchito. Mukaona manotsi okhaokha okopera, dziwani kuti amene akuphunzira kwambiri m'chipindamo ndi wolemba pabolodiyo.

Lachitatu, kodi ndi mphunzitsi yemweyo wa m'kalasi? Pano ndiulule zanga. Ndili mnyamata pa ntchito ndinkaphunzitsa ana anga omwe a m'kalasi madzulo molipiritsa. Sindinaganizepo zobera munthu. Koma ndinkapezeka kuti mutu wovuta wa genetics, wonena za mmene ana amatengera makolo, ndinkauthamangira m'mawa, mumtima ndikuti ndidzaufotokoza bwino madzulo. Madzulowo munkabwera ana 12 mwa ana 60. Tsiku lina mnyamata wina wamasiye, wanzeru ndithu, anatsalira anzake atatuluka nati, "Sala, kodi ife opanda ndalama genetics tidzaphunzira liti?" Ndinasowa poyang'ana. Ndinali nditawalanda anawo chimene boma linkandilipira kale kuti ndiwapatse. Ndinasiya sabata yomweyo. Choncho mukamva kuti mitu ina ya silabasi ikuphunzitsidwa kwa olipira okha, musakangane ndi mphunzitsi pamsewu, koma kauzeni ahedi kapena komiti ya makolo ndi aphunzitsi.

Lachinayi, kodi amaphunzirira kuti, nthawi yanji? Mwana wamkazi asapite yekha kunyumba kwa mphunzitsi wamwamuna, ngakhale akhale wa mbiri yabwino chotani. Aphunzire kukuwala, poonekera, ali ndi anzake, ndipo wamkulu wa pakhomo adziwe nthawi yopita ndi yobwera. Ndalama azikapereka wamkulu, osati mwana. Wina akanena kuti mwana uyu asalipire, tidzaonana, pamenepo ndi pothawa. Muuzeni mwana wanu kuti akamva mawu osayenera adzanene, ndipo simudzamukalipira iye.

Lachisanu, kodi akulonjeza chiyani? Wolonjeza kuti ali ndi mafunso amene abwere, ameneyo ndi wa likasa. Kumbukirani 2020. Mu Novembala chaka chimenecho mayeso a MSCE anaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ana onse m'dziko muno, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Makolo analipiranso zoyendera ndi zakudya. Ndipo tiyerekeze kuti likasa lamuthandiza mwana kulowa unamwino. Kodi inu mungakonde kubayidwa jakisoni ndi namwino amene anabera Bayoloje?

LABOTALE ILI PAKHOMO PANU

Ana a kunyanja ndi a kumunda ali ndi mwayi umene sauona. Zambiri za m'silabasi amazigwira tsiku ndi tsiku.

Mbuzi ikaphedwa pa Idi, pa ukwati kapena pa sadaka, mtima usathamangire mumphika. Mwana ayambe waudula pakati aone zipinda zake zinayi, agwire khoma la chipinda cha m'munsi cha kumanzere aone mmene lakhuthalira kuposa la kumanja. Chifukwa chake n'chakuti mbali ya kumanzere imapopa magazi kupita thupi lonse, pamene ya kumanja imangowafikitsa ku mapapo, pafupi pomwepo. Sing'anga wina, Ibn al-Nafis, amene anagwira ntchito ku Cairo namwalira mu 1288, analemba kuti magazi amachoka kumanja kwa mtima, n'kudzera m'mapapo, n'kufika kumanzere, osati kuboola khoma lapakati monga ankakhulupirira akale. Panapita zaka zoposa 300 kuti William Harvey wa ku England afotokoze kuzungulira kwa magazi m'thupi lonse mu 1628. Mwana aonenso impso, chiwindi ndi ndulu yake, ndi chifu cha mbuzi chimene chili ndi zigawo zinayi.

Potumbula chambo aone mamba, zipsepse, kathumba ka mpweya kothandiza nsomba kuyandama, ndi tizigawo tofiira ta m'mbali mwa mutu timene imapumira, totchedwa gills m'buku. Adzifunse chifukwa chake n'tofiira ndiponso n'topyapyala chotero. Asodzi amadziwa kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, ndipo n'chifukwa chake pamakhala nyengo yotseka nyanja. Imeneyo ndi Bayoloje yeniyeni, mutu wa kuswana ndi wa kusamala zachilengedwe.

Likodzo lili m'silabasi, ndipo ife a kunyanja timalidziwa bwino kuposa olemba mabuku. Wodwala akakodza m'madzi, mazira a nyongolotsi amaswa, tiana take timalowa mu nkhono, timachulukana mmenemo, ndipo patapita masabata angapo timatuluka n'kuboola khungu la wosamba kapena wochapa. Tikakula timakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndiwo amachititsa magazi mumkodzo. Dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ndiye anazindikira nyongolotsiyi ku Cairo mu 1851. Mwana ajambule ulendo wonsewu mozungulira, kenaka aloze malo atatu pamene tingaudule: chimbudzi, nkhono, ndi mankhwala a praziquantel. Akatha kutero kope lili chitsekere, funso limenelo lake.

Kumunda kwa amalume azule nyemba kapena mtedza aone timatuza ta ku mizu. Mmenemo mumakhala mabakiteriya otenga nayitirojeni mumpweya n'kuisandutsa chakudya cha mbewu, ndipo n'chifukwa chake chimanga chimakondwa pamene panali nyemba. Abzale nyemba ndi chimanga m'zitini ziwiri aone kuti nyemba imatukula mbewu yake pamwamba pa dothi pamene chimanga chimaisiya pansi. Amange pepala la pulasitiki la shuga ku nthambi ya masamba m'mawa, masana adzapeza madontho a madzi otuluka m'masamba. Adonthezere ayodini wa pa zilonda pa mbatatesi yodula kapena pa ufa, aone mmene ukudera mobiriwira, chizindikiro chakuti muli sitachi. Zonsezi mtengo wake sufika pa mwendo umodzi wa mbuzi.

KAWERENGEDWE KOPINDULITSA

Mu 1885 katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti zimene taphunzira timaziiwala mofulumira kwambiri m'maola oyamba ndi tsiku loyamba, ndipo kubwereza motalikitsa masiku kumachepetsa kuiwalako. Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Roediger ndi Karpicke, anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenga mobwerezabwereza, ena anatseka pepala n'kuyesa kulemba zimene akukumbukira. Patapita mphindi zochepa owerenga mobwereza aja anaoneka otsogola, koma patapita sabata anapambana ndi odziyesa aja. Mu 2013 gulu la John Dunlosky linasanthula njira 10 zowerengera ndipo linapeza kuti zopindulitsa kwambiri ndi ziwiri, kudziyesa ndi kugawa kuwerenga pa masiku ambiri. Kudula mizere ndi kungobwereza kuwerenga zinali m'gulu la zochepa phindu.

Ife zimenezi si zachilendo. Kumadrasa amwalimu salola mwana kunena kuti ndadziwa maso ali pa tsamba. Amatsekesa, mwana n'kunena pamtima, ndipo za dzana ndi za mwezi watha amazibwerezanso. Njira imeneyi ana athu amaidziwa, koma akafika pa Bayoloje amaisiya pakhomo. Chongoonjezera n'chakuti pa Bayoloje kukumbukira kokha sikukwana, pamafunikanso kuyankha funso lakuti chifukwa chiyani.

Tsono iwe mwana wasukulu, tamvera. Werenga mutu umodzi mphindi 20, tseka kope, tenga pepala ulembe ndi kujambula zonse zimene ukukumbukira. Tsegula uone zimene waphonya, uzilembe ndi cholembera china. Mawa lake ubwerezenso mphindi zisanu, kenaka pakatha masiku atatu, kenaka pakatha sabata. Udzamva ngati ukuvutika kuposa kale, koma kuvutika kumeneko ndiye kuphunzira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Ukamvetsa chinthu, kachifotokozere agogo kapena mng'ono wako m'Chichewa kapena m'Chiyao. Pamene wakakamira, pamenepo ndi pamene sunamvetse. Ukatha, ulembe zomwezo m'Chingerezi, poti mayeso ali m'Chingerezi. Uphunzire mawu olamula a m'mafunso. State kapena name akufuna yankho lalifupi. Describe akufuna unene mmene chinthu chilili kapena mmene chimachitikira, mwa ndondomeko. Explain akufuna chifukwa. Uyang'anenso malikisi, pakuti funso la malikisi anayi silingakhutire ndi mfundo imodzi. Pojambula gwiritsa ntchito pensulo yosongoka, chithunzi chikhale chachikulu, chopanda mithunzi, mizere yolozera yowongoka ndi rula ndiponso yosapingasana. Ukafunsidwa magnification, gawa kutalika kwa chojambula chako ndi kutalika kwa chinthu chenichenicho.

Peza mapepala a mayeso a MANEB a zaka zapitazo kwa aphunzitsi kapena kwa amene analemba kale. Uwayankhe ndi wotchi, kope lili kutali. Pomaliza, ugone. Madokotala amati mwana wa msinkhu wako amafunika maola 8 mpaka 10. Zoviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti uchezere usiku wonse, ife tinachitapo, ndipo chimene tinapindula ndi chimfine. Ola limodzi m'bandakucha, mutu uli wopepuka, limaposa maola atatu owodzera.

ZIMENE TINAGWIRIZANA

Tisanasiyane tinakhala pansi ndi amalume ndi akazi awo. Sindinawadzudzule, pakuti kusunga mwana wa mlongo wako m'nyengo ino si chinthu chapafupi, ndipo dimba ndilo limadyetsa nyumba yonse. Ndinangowerenga nawo maola a tsiku la mtsikanayo. Amalume anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ife timaona ngati akuwerenga usiku." Anavomera kuti masiku anayi pa sabata anyamata a pakhomopo ndiwo azithirira ndi kutunga madzi a madzulo, iye azikhala ndi maola awiri dzuwa lisanalowe, kufikira atalemba mayeso.

M'mudzi momwemo muli mtsikana wina wamkulupo amene anakhoza bwino Bayoloje ndipo akudikira kupita ku koleji. Wavomera kukumana ndi ana asanu Loweruka lililonse m'mawa pakhonde pa amalume, azimayi ali pomwepo. Ntchito yake ndi kuwapatsa mafunso, kuchonga, ndi kuchita nawo zoyesa zija. Ana asanu akasonkherana, gawo la aliyense ndi lochepa, loti geni ya usipa ingakwanitse.

Tsono yankho langa, mayi, ndi ili. Mbuzi zitatu musagulitse. Zofunika kugula ndi buku limodzi la Bayoloje lovomerezeka pa silabasi imene akuphunzira, limene ahedi angakuuzeni dzina lake, nyali ya sola, ndi mapepala olembapo. Ngati ndalama yaperewera gulitsani imodzi, koma zazikazi zoswa zisiyeni. Mwana akakhoza, koleji idzafuna fizi, yunifolomu ndi zoyendera, ndipo pamenepo m'pamene mbuzi zidzafunike zedi. Akapanda kufika pa kirediti, mpata wolembanso ulipo, ndipo nawonso udzafuna ndalama.

Sindikulonjeza kuti apeza 1 kapena 2. Kuchoka pa 8 kufika pa kirediti m'miyezi yochepa ndi ntchito yaikulu, ndipo ndaonapo ana olimbikira akuperewera pang'ono. N'chifukwa chake tagwirizana kuti pakatha sabata 6 adzalembe pepala lathunthu la chaka china chapitacho, ndi wotchi, ndipo tidzapemphe mphunzitsi wake wa m'kalasi achonge. Malikisi akakwera tipitiriza. Akapanda kukwera tidzafunafuna mphunzitsi wodziwa wa gulu laling'ono, ndipo mwina pamenepo mbuzi imodzi idzayenda, koma idzayenda tikudziwa chimene tikugula. Mumuuze mwana wanu zonsezi poyera, kuti asaganize kuti mwakonda mbuzi kuposa iye.

Inu amalume, azakhali ndi agogo amene mukusunga ana a abale m'makomo mwanu, tawerengani maola a tsiku la mwanayo monga tinachitira ku Ntcheu. Ndipo inu aphunzitsi anzanga amene muli ndi maganizo osiyana ndi anga pa za patitaimu, lembani, kalata yanu tidzaisindikiza. M'magazini ikubwerayi ndidzakuuzani mmene mtsikana wathu wachitira pa pepala lija, kenaka tidzakambirana za Masamu, amene akuliritsa ana ambiri a Folomu 2.

Mpaka nthawi imeneyo, tsalani bwino. Wassalamu alaikum.